Zikomo a ku Chembe, a ku Monkey Bay ndi a pa boma la Mangochi

Abale ndi alongo, boti lija lalowanso m'madzi. Ambiri mukudziwa kuti mwera wa mu Julayi unalidula chingwe usiku n'kukalimenyetsa pamiyala, matabwa apansi n'kung'ambika, injini n'kumwa madzi. Kwa ine wonyamula alendo kupita nawo ku chilumba cha Thumbi, boti ndiye munda wanga, ndipo ngoziyo inagwa m'miyezi imene alendo amachuluka. Kuyenda khomo ndi khomo sindingamalize, n'chifukwa chake ndathokozera pano.

Amalume, matabwa amene munasungira chitseko cha nyumba yanu ndi amene ali pansi pa botili. Amayi a banki m'khonde, munandibwereketsa ndalama mukuona kuti chikole chake chili chophwasuka pamchenga. Mmisiri wa ku Monkey Bay anamasula injini yonse, kachitsulo kalikonse n'kukayanika pathumba, n'kunena kuti zamalipiro tidzakambirana ikalira. Yalira, achimwene, ndikubwera. Anzanga a maboti munanyamula alendo anga n'kumandigawirako, pomwe mukanatha kungodya nokha.

Koma amene anandidyetsa kwenikweni ndi bambo ena opuma pa uphunzitsi, amene anandipeza ndili chogwira tsaya n'kundifunsa ngati alendo amabwerera nsomba za mbuna zokha. Ananditengera kumanda a amishoni, mkati mwa paki ya Lake Malawi National Park, n'kundifotokozera mofatsa ngati mwana wa sitandade 5. Mishoni ya Livingstonia inayambira pano pa Cape Maclear mu 1875, Dr Robert Laws ndi anzake atafika pa sitima yoyamba ya Ilala. Malungo atawapulula, anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako n'kukwera ku Khondowe. Ine ndinkadutsa pamandapo chabe. Tsopano ndimaimapo ndi alendo, ndipo sachedwa kufunsa kuti bwanji dzina la Livingstonia lili kumpoto pomwe chiyambi chake chili kuno. Pobwerera timaima pa Mwalawamphini, mwala waukulu wokhala ndi mizere ngati unatemedwa dala. Pakiyi inalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, koma zapamtundazi ife a maboti sitizitchula n'komwe.

Atandizoloweretsa, ndinayamba kukwera ndi alendo minibasi mpaka pa boma la Mangochi. Apa ndithokoze ogwira ntchito ku Lake Malawi Museum, m'nyumba yakale imene inali Gymkhana Club, chifukwa sanatope nane ngakhale ndinkafunsa chinthu chimodzi kangapo. Anandionetsa za sitima zakale, zida za usodzi ndi zachikhalidwe cha Ayao, n'kundiuza kuti bomali linkatchedwa Fort Johnston, lokhazikitsidwa pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo.

Panja, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pali chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria, cha mu 1903. Tonse timachizungulira pa kabaza tsiku ndi tsiku, koma ndi angati tinaimapo? Pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ku Liuli, tsidya la Tanzania. Amati kapitawo wa Chijeremani anali asanamve kuti nkhondo yayamba, moti anaganiza kuti mnzake wa Chingerezi waledzera. Alendo amaseka nkhaniyi. Kuseka kumatha akafika pa chikwangwani cha sitima ya Vipya, imene inamira mu 1946 anthu 145 n'kufa. Pamenepo ndimalankhula pang'ono, chifukwa mwera ndaudziwa ndekha chaka chino.

Chondidabwitsa n'chakuti amene anakondwa kwambiri ndi ulendowu anali Amalawi anzathu, mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre obwera ndi ana. Ena amathera masiku onse pagombe la hotela n'kubwerera osadziwa kuti zinthu zimenezi zilipo. Inu a malo ogona alendo amene munkawalozera kwa ine ndilibe boti, Mulungu akuwonjezereni. Ulendo wapamtundawu sindiusiya ayi, uziyenda pamodzi ndi wapanyanja.

A Shehe ndi Abusa, nonse munalengeza za vuto langa kwa anthu anu, ndipo thandizo linabwera kuchokera ku mzikiti ndi ku tchalitchi komwe. Mayi a kunyumba, mandasi anu ndi amene analipira fizi ya teremu ino.

Loweruka likubwerali, nyanja ikakhala bata, ana a onse amene munathandiza akwera ulere kukaona nkhwazi zikutola nsomba ku Thumbi. Tinyamuka 8 koloko m'mawa, mwana aliyense avala jekete yoyandamitsa, ndipo tipita m'magulu. Masana kuli nsima ya kampango pakhomo pa amalume. Mbale mubwere nazo.