Ulendo wa ku Mzuzu: zimene tinaona ndi kumva za makhoti

Tinanyamuka ku Kasungu mbandakucha, ife a komiti ya chilungamo ndi mtendere ya kutchalitchi kwathu, abusa awiri a mipingo ina ndiponso shehe mmodzi. Anatiitana ndi anzathu a ku Mzuzu. Titadutsa Jenda n'kulowa m'Chikangawa chifunga chinatsika, aliyense n'kuyamba kufunafuna juzi m'chikwama.

M'mawa mwake anatitengera kukhoti la majisitireti kukamvera milandu. Mayi wina woperekera umboni anagwira Baibulo n'kulumbira kuti anena zoona zokhazokha, womasulira akutembenuzira m'Chitumbuka. Shehe wathu ananong'oneza amene anatiperekeza, kufunsa za Msilamu. Anamuuza kuti amalumbira pa Korani, ndipo amene chikhulupiriro chake chimaletsa kulumbira amangolonjeza kunena zoona, umboni wake n'kulemera chimodzimodzi. Kuchokera pamenepo dzina la Mulungu silinamvekenso. Majisitireti ankangofunsa tsiku, malo, ndi amene anaona.

Masana tinakhala muholo ndi loya wina wa mumzindamo, yemwenso ndi mkulu wa mpingo wa CCAP. Anayambira kale. Mboni za Yehova zinaletsedwa mu 1967 mpaka 1993. Orton Chirwa wa ku Nkhata Bay, loya weniweni, anazengedwa mlandu pamodzi ndi mkazi wake Vera m'khoti la mafumu momwe maloya sankaloledwa, nagamulidwa kuphedwa mu 1983. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, chaka chomwe mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yawo yodzudzula boma ya pa 8 Malichi. Ufulu wa chipembedzo wa pa gawo 33 la malamulo aakulu a 1994 unachokera m'misozi imeneyo.

Za maphunziro anadutsapo mwachidule. Kale zamalamulo zinkaphunzitsidwa ku Chancellor College ku Zomba kokha, koma lero ngakhale yunivesite ya Akatolika ku Nguludi imaphunzitsa. Sukulu ikhale ya mpingo, wophunzirayo amawerenga malamulo a dziko lino, ndipo pamaso pa jaji satchula vesi.

Pamene panavuta ndi pa nkhani ziwiri. Yoyamba, chigamulo cha Justice Zione Ntaba cha mu Meyi 2023 kukhoti lalikulu ku Zomba, choti ana a Chirasta asakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Abusa ena anang'ung'udza kuti mwambo wa sukulu watha. Ine ndinaona kuti kung'ung'udzako kunalibe mutu, chifukwa gawo 33 lomwe linateteza anawo ndi lomwelo limatilola ife kupemphera poyera.

Yachiwiri inali ya ufiti, ndipo apa mpomwe tiyi anazizirira m'makapu. Amayi a m'gulu lathu anaimirira: "Bambo loya, nanga mneneri akaloza agogo pakati pa mapemphero kuti ndi mfiti, ife titani?" Yankho linali lakuti lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo, ndipo limalanga wotchula mnzake mfiti, kaya wavala mkanjo kaya wanyamula Baibulo. Ambiri sanakondwe, ena mpaka kunena kuti lamulolo ndi la atsamunda osadziwa za kuno. N'zoona ndi la atsamunda. Koma nkhalamba zimene zimagendedwa m'midzi zilibe kwina kothawira.

Za ukwati tinagwirizana msanga. Lamulo la 2015 limavomereza ukwati wa kutchalitchi ndi wa kumzikiti, koma mwana wosakwana zaka 18 sakwatiwa, makolo ndi abusa avomereze kapena ayi.

Tisanakwere basi tinamanga mfundo imodzi: nkhani yogwirira mwana isathere m'chipinda cha akulu a mpingo kapena kwa ankhoswe, ipite kupolisi tsiku lomwelo. Anzathu a ku Mzuzu abwera kwathu tikakolola, ndipo tawapempha kuti abwere ndi loya uja, poti za ufiti sitinamalize.