Logbook yanu isagone osasayinidwa

Ndamaliza rotation (gawo la maphunziro a udokotala lochitikira m'chipatala) ya family medicine kuno ku Mangochi, mtima wakhala pansi tsopano. Inu ophunzira anzanga amene mukubwera m'mbuyomu, mundimve: ntchito iliyonse mukagwira, sayinitsani logbook (buku lolembamo ntchito zimene mwagwira) tsiku lomwelo.

Zoti mudzazungulira kuwodi ya ana, ku opaleshoni ndi kwa amayi oyembekezera mukuzidziwa kale. Chimene ambiri sakuuzani n'chakuti popanda siginecha, ntchitoyo imatengedwa ngati simunaigwire. Kuika kanula (kachubu kolowetsa mumtsempha), kusoka bala, kutenga madzi a pamsana kwa mwana yemwe waumitsa khosi, zonsezi zimafuna dzanja la amene anakuyang'anirani.

Ine chinandiwawa ndi ichi. Ndinachezera ku matenite usiku ndi usiku, thukuta lili kamukamu ndi kutentha kwa kuno, kuchiritsa amayi. Ndikapita ndi buku kwa adokotala ena amene ankatiyang'anira, yankho linali limodzi: "Musadandaule, ndidzasayina zonse pamodzi Lachisanu." Lachisanu litakwana, munthu uja anali atapita ku msonkhano ku Lilongwe, foni osayankha. Amene anatsala anakana, akuti sangasayinire zimene sanaone ndi maso. Sindikuwada, ankanena zoona. Koma tsiku lathunthu linathera m'kaofesi kafumbi, ine ndi azamba ena achifundo tikutsegula kaundula wa ku matenite tsamba ndi tsamba, kufunafuna dzina langa pambali pa mayi aliyense. Anzanga nthawi imeneyo akukonzekera mayeso a OSCE, oonetsa luso pamaso pa oyesa! Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka.

Ndisanaiwale, phunzirani Chiyawo pang'ono musanafike. Agogo ochokera ku Makanjira kapena ku Namwera sakufotokozerani bwino matenda awo m'Chichewa, ndipo womasulira sapezeka nthawi zonse. Mwana wa m'mbali mwa nyanja mumufunse mwachindunji ngati amakodza magazi, chifukwa likodzo ndi lochuluka kuno ndipo ena amaliona ngati chinthu chachizolowezi, sanena okha. Praziquantel, mankhwala a likodzo, mumudziwe bwino mlingo wake. Malungo ndiye osachita kunena.

Azamba ndi anamwino muziwalemekeza. Ndiwo adzakudzutseni mayi akayandikira kuchira, ndiwonso adzakuikireni umboni zikavuta.

Pa nkhani ya buku ija, wina akati "mawa", mukaneni mwaulemu, cholembera chili m'manja. Akasayina, jambulani tsambalo pa foni pompo, chifukwa mabukuwa amanyowa komanso amasowa. Chizolowezichi mudzachifunabe pa internship, ntchito yoyang'aniridwa ya miyezi 18 mukamaliza sukulu, Medical Council of Malawi isanakulembeni m'kaundula ngati dokotala woima payekha.