Lachinayi kugalaja: Nissan 370Z yomwe imapita kuntchito tsiku lililonse

Zida zomwe timadikira zafika dzulo madzulo pa basi yochokera ku Johannesburg, ndiye lero galaja yonse yatanganidwa ndi galimoto imodzi, Nissan 370Z ya 2010, yomwe ku Japan amaitcha Fairlady Z. Ndi ya zitseko ziwiri, mipando iwiri, magiya sikisi osintha pamanja, injini ya V6 ya malita 3.7 yotchedwa VQ37VHR. Imatulutsa mahosipawa oposa 330, ndipo mphamvu yonseyo imapita kumatayala akumbuyo. Mwini wake alibe galimoto ina. Yomweyi ndi yopitira kuntchito, kumsika, kutchalitchi. Dandaulo lake ndi lakuti akakhala pamzere wa magalimoto pamlatho wa Lilongwe masana, chopondera cha klatchi chimafewa, nthawi zina n'kukakamira pansi mpaka achikole ndi nsonga ya nsapato. M'mawa kukadazizira chimagwira bwinobwino.

Tayamba 7 koloko potsegula boneti n'kuyang'ana kabotolo ka mafuta a klatchi. Tapeza mafuta ali pansi pa mzere, akuda ngati tiyi wopanda mkaka, pomwe atsopano amaoneka mbee. Mafuta amenewa ndi omwe aja a mabuleki, ndipo chikhalidwe chawo n'choti amayamwa chinyontho cha mumpweya. A mtundu wotchedwa DOT 3 akakhala atsopano amawira pa madigiri 205, koma akamwa madzi amatsika kufika pa 140. A DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsikira pa 155. Paipi ya klatchi imadutsa pafupi ndi ekisozi yotentha, ndipo galimoto ikaima pamzere sipakhala mphepo yopita kunsi kukaziziritsa. Mafuta okalamba aja amawira, mumabadwa thovu, ndiye ukaponda umangofinya thovulo osati kukankha klatchi. N'chifukwa chake vutoli limabwera masana n'kuthawa m'mawa.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya za magalimoto amtundu uwu. Amaganiza kuti chimawapha ndi liwiro. Woyendetsa pabwalo la mpikisano amaponda klatchi kanthawi kochepa n'kuisiya, mphepo ikuwomba mbali zonse. Wopita kuntchito amaiponda mosalekeza kuchokera ku Biwi mpaka ku City Centre, kusuntha mamita asanu n'kuima, phazi lili pomwepo kudikira minibasi yakutsogolo. Ntchito yowawa kwa galimotoyi ndi imeneyo.

Titaikweza m'mwamba taona kunyowa pansi pomwe giyabokosi imakumana ndi injini. Pa magalimoto ambiri omwe timawazolowera, slave cylinder, kachida kolandira mafuta ochokera kuchopondera n'kukankha klatchi, imakhala kunja, mabauti awiri yatuluka, theka la ola ntchito yatha. Pa 370Z ili mkati, yozungulira shafuti ya giyabokosi, yophatikana ndi release bearing, beringi yomasula klatchi. Ikadontha palibe njira yachidule, giyabokosi iyenera kutsika.

Tachotsa kaye waya wa negetivu pabatire, kenako mutu wa giya ndi ndodo yake m'kati. Kunsi tamasula chitsekero chapansi, paipi ya ekisozi ya mphanda ija, sitata, mawaya onse ndi sensa yomwe ili pakhoma la giyabokosi. Sensa imeneyi ichotseni musanayambe kugwedeza giyabokosi, chifukwa ikagundana ndi flywheel, gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini, yathyoka. Chinthu chofunika kusamala kwambiri ndi propshaft, shafuti yaitali yotengera mphamvu kuchokera kugiyabokosi kupita kumbuyo. Pa galimotoyi si yachitsulo, ndi ya carbon fibre. Siimenyedwa ndi hamala, siigwetsedwa pansi, siipanidwa pavayisi. Ikangokhala ndi mng'alu ngakhale wosaoneka, ndiye yatha ntchito. Taika zizindikiro za penti pomwe imalumikizana ndi difu, bokosi logawira mphamvu kumatayala akumbuyo, kuti ibwerere momwe inalili, n'kuigoneka pamakatoni pakona. Pomaliza jeki pansi pa giyabokosi, mtanda wogwirizira wachoka, mabauti ozungulira achoka, anthu awiri n'kuikokera kumbuyo mowongoka kuti shafuti isapinde klatchi.

Pofika 10 koloko inali pansi. Labala wa slave cylinder watha, mafuta anayenderera mkati monse, ndipo mbale ya klatchi inayamba kunyowa m'mphepete. Mbale yonyowa mafuta siichapidwa n'kubwezeredwa, imadzaterereka basi. Tasintha mbale, pressure plate yomwe imapana mbaleyo, slave cylinder ndi kapaipi kake, komanso master cylinder ya kumtunda, yomwe imakankha mafuta ukaponda chopondera. Wina anganene kuti master tikanaisiya popeza sinadonthe. Ayi. Mafuta akuda aja ndi labala wosungunuka wa mbali zonse ziwiri, ndipo master yakale imangotumiza zinyalala zake kukapha slave yatsopano. Flywheel ndi ya zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i. Taipotoza ndi manja uku ndi uko, sikugwedera mopitirira ndipo ilibe mabala akupsa, choncho yatsala. Langizo kwa amakaniko anzathu: buku la kampani limaletsa kubwezera slave cylinder yakale nthawi iliyonse giyabokosi ikatsitsidwa, ngakhale mwaitsitsira zina. Ikamasuka imatambasuka mpaka kumapeto, fumbi la panjira yake n'kukanda labala. Mukaibwezera, konzekani kutsitsanso giyabokosi posachedwa.

Kuchotsa mpweya mumapaipi tachita pamanja, wina akuponda pang'onopang'ono, wina akutsegula ndi kutseka kunsi, kabotolo osakalola kuti kaume. Tathira DOT 4. Zimatenga nthawi, osathamangira. Mugiyabokosi tathira oyilo watsopano wa 75W-85 GL-4, pafupifupi malita atatu, mpaka atayamba kusefukira pabowo lothirira.

Chitsekero chapansi chija tachipeza chokalikakalika, kutsogolo chikulendewera, mabauti ena anaduka. Ndi ntchito ya mahampu. Mimba ya galimotoyi ili pafupifupi masentimita 12 ndi theka kuchokera pansi, pomwe Hilux imapitirira 20. Ambiri chikawatopetsa amangochigwetsa n'kuchitaya, koma chili ndi ntchito ziwiri: kutchinjiriza sampu ya oyilo ku miyala, ndi kukakamiza mphepo kuti idutse muradiyeta m'malo mothawira kunsi. Tachiwongola n'kuika mabauti ena ndi mawashala otambalala. Pokwera hampu, mabuleki apondedwe kutali ndipo asiyidwe tayala lisanakhudze, chifukwa ukaponda buleki mphuno imagwada n'kukhula. Kwerani mopingasa pang'ono, tayala limodzi kaye kenako linzake. Wakumbuyo aimbe hutala, palibe kanthu.

Masana mwini galimoto anabwera kudzaona, tinamutengera kumatayala. "Amisiri, komatu ndinagula chaka chathachi," anatero, akuloza kunja komwe mapanga akadali akuya. "Tagwirani m'katimu, bwana," tinamuyankha. Atapisa dzanja kumbuyo anapeza mphepete ya mkati yasalala see, waya akuyamba kusuzumira.

Matayala ake ndi a mainchesi 19, kutsogolo 245/40, kumbuyo 275/35. Popeza akumbuyo ndi otambalala kuposa akutsogolo, sungawasinthanitse monga timachitira ndi Corolla kuti athere limodzi. Mawilo akumbuyo anawapanga opendamira mkati pang'ono kuti galimoto igwire msewu pakona. Munthu woyenda mowongoka tsiku lonse amangodya mphepete yamkatiyo, ndipo dzenje likasokoneza alayimenti, tayala limayamba kukwekwerezeka chammbali, kutha kwake n'kufulumira. Kumbuyo kuli mabauti okonzera kupendama ndi kuloza kwa mawilo. Kutsogolo kupendama sikukonzeka ndi zida zomwe inabwera nazo, ndiye muyezo ukasiyana kwambiri dziwani kuti pali chomwe chapindika.

Nkhani ya maenje ili m'manambala omwewo. Khoma la tayala la 275/35 ndi lotalika mamilimita 96 okha, la 245/40 ndi 98. La Corolla la 195/65 ndi 127, la Hilux la 265/65 ndi 172. Mpata wonse womeza dzenje ndi umenewo. Ukatha, tayala limapanikizika pakati pa mlomo wa dzenje ndi limu, ulusi wamkati n'kuduka. Lakutsogolo kumanzere tapeza lili ndi chotupa pakhoma. Tayala lotupa silimatidwa chigamba, siliikidwa chubu, limatayidwa, chifukwa tsiku lophulika silidziwika. Mpweya ukhale 240 kPa, womwe ndi 35 psi, poyeza matayala ali ozizira, sabata iliyonse. Ena amauphwetsa kuti galimoto ifewe, osadziwa kuti akuchepetsa mpata womwe uja. Kwa munthu woyenda tsiku lililonse m'misewu yathu, ife tingasankhe malimu a mainchesi 18 okhala ndi 225/50 kutsogolo ndi 245/45 kumbuyo, omwe ma 370Z ena anatuluka nawo kufakitale. Khoma limakwera kupitirira mamilimita 110. Koma yesani kaye limu limodzi musanalipire, chifukwa iyi ili ndi mabuleki aakulu a Akebono, madisiki a mamilimita 355 kutsogolo, ndipo si limu lililonse la 18 lomwe limawalambalala. Akumbuyo asinthidwe onse awiri nthawi imodzi, mtundu umodzi. Manati a mawilo amangidwe 108 Nm ndi sipanala yoyezera, osati kuimirira pachitsulo.

Cha m'ma 3 koloko, giyabokosi itabwerera, tapita ku oyilo. Amalowa malita 4.9 pamodzi ndi fyuluta, 5W-30 wa synthetic. Ulendo wa mwini galimoto wakuntchito ndi waufupi moti oyilo amangoyamba kufunda iye akuzimitsa kale. Madzi ndi petulo wolowa mu oyilo sapeza nthawi youluka, ndiye oyilo amakalamba makilomita asanachuluke. Tamuuza kuti azisintha pa makilomita 5,000 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chomwe chayamba kukwana. Pamwamba pa dashibodi pali mawotchi atatu, imodzi ndi ya kutentha kwa oyilo. Isanafike madigiri 80, injini isazungulire kupitirira ka 3,000 pamphindi, ngakhale wotchi ya madzi itanena kuti yatentha, chifukwa madzi amafunda msanga kuposa oyilo. Mbali inayo, ma 370Z a zaka zoyambirira ambiri alibe choziziritsira oyilo, ndipo akayandikira madigiri 140 kompyuta imadula mphamvu kuteteza injini. Mu Okutobala, pokwera mapiri mothamanga, diso lizipita pawotchi imeneyo.

Tayezanso mphamvu ya oyilo ndi geji yapamanja. Injini za zaka zimenezi zili ndi magasiketi a pepala kuseri kwa chivindikiro cha tcheni, otseka njira za oyilo. Akang'ambika oyilo amathawira mkati momwemo, kunja osaona dontho, ndipo nyali yofiira imachedwa kuyaka. Injini ili yotentha, ikungolira osapondedwa mafuta pasachepere 98 kPa, ikuzungulira ka 2,000 pamphindi pasachepere 294 kPa. Iyi yapitirira manambala onse awiri. Muyezo umenewu ndi wotsika mtengo, uzichitika chaka chilichonse, ndipo aliyense wofuna kugula galimoto yotere aumirire asanapereke ndalama. Mafyuluta a mpweya ndi awiri, imodzi mbali iliyonse. Onse anali ofiira ndi fumbi, tasintha.

Za petulo tacheza naye nthawi yaitali. Injiniyi imafinya mpweya ndi petulo 11 kwa 1 ndipo anaipangira petulo wa octane yapamwamba, yemwe sagogodetsa injini msanga. Kuno pampu ya petulo ndi imodzi, palibe chosankha. Injini ili ndi masensa omwe akamva kugogoda amachedwetsa moto, ndiye imadziteteza, koma musaiyese dala: kuponda mafuta mpaka pansi uli m'giya sikisi, injini ikuzungulira pang'onopang'ono, dzuwa likuswa mtengo, ndi pomwe imagogoda kwambiri. Tsitsani giya. Kukwera kwa Lilongwe, mamita opitirira 1,000, kumathandiza pang'ono popeza mpweya ndi wopepuka, ngakhale kumadyanso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu. Petulo wa m'zigubu asalowemo ngakhale mafuta atasowa chotani. Thanki ndi ya malita 72, ndipo m'tauni lita imodzi imayenda makilomita asanu ndi awiri kapena kuchepera, panjira yaitali pafupifupi 11. Isamatsike kupitirira kota: pampu ya m'thanki imazizira ndi petulo yemweyo, komanso thankiyi ndi ya zipinda ziwiri, moti petulo akachepa, pakona yakumanja yothamanga amathawira mbali ina injini n'kutsamwa.

Zina ndi zoti munthu angovomereza. Buti imatenga zikwama ziwiri zofewa, thumba la chimanga ayi. Kumbuyo chammbali sikuoneka bwino, potuluka pamphambano pafunika kusuzumira kawiri chifukwa cha akabaza. Phokoso la matayala limalowa m'kati. Mvula ikayamba, batani lozimitsira VDC, chida chothandiza kuti galimoto isaterereke, lisakhudzidwe. Matayala otambalala amayandama msanga pamadzi, ndipo mphamvu zonse zili kumbuyo.

Madzulo taiyesa pamsewu, mwadala nthawi yoweruka kuti ikhale pamzere n'kutentha. Chopondera chikubwerera chokha, klatchi ikugwirira pakati, magiya akulowa osalimba, rivesi yomwe. Tabwerera n'kuikwezanso, pansi pauma. Makilomita 800 oyamba ayende mofatsa kuti mbale ikhazikike, ndipo pamzere aziika pa nyutulo phazi n'kulichotsa pachopondera. Mafuta a klatchi azisinthidwa chaka chilichonse mvula ikatha. Galimoto igona konkuno chifukwa sitingaipereke kwa mwini wake ili ndi tayala lotupa. Matayala a saizi iyi sapezeka pashelefu, taitanitsa anayi, ndipo akafika tidzayamba ndi kuyeza ngati limu lakutsogolo kumanzere silinapindike, kenako alayimenti ya mawilo onse anayi.