Mlendo Atapambana Chisankho m'Kabati

Anthu ambiri sadziwa kuti ma switch, mabokosi amene amalumikiza makompyuta a mu ofesi pa netiweki, nawo amachita chisankho. Mukawasanjikiza m'kabati n'kuwalumikiza ndi zingwe zonenepa zakumbuyo zija, woyamba kwa wachiwiri, wachiwiri kwa wachitatu, womaliza kubwerera kwa woyamba, amagwira ntchito ngati switch imodzi. Ndiyo stack imeneyo: IP address (adiresi ya pa netiweki) imodzi, configuration (zokonzera zowauza mmene agwirire ntchito) imodzi, mtsogoleri mmodzi. Pa ma switch athu, priority, nambala yosankhira mtsogoleri, imayambira 1 kulekeza 15, ndipo wa nambala yaikulu ndiye amatenga mpando.

Ku ofesi kwathu kunali ma switch atatu, ndipo ma port, mabowo olowetsamo zingwe, anatha. Abwana anagula yachinayi ya ma port 48 n'kunena kuti, "Achimwene, muiike, koma anthu asamve kanthu."

Ndinakonzekera bwino, nanga si ine katswiri. Ndinaiyatsa patebulo, n'kuonetsetsa kuti software yake ikufanana ndi ya anzake, chifukwa zikasiyana stack imaikana. Ndinajambula mapulani papepala. Kenako ndinaiyang'ana mmene inkawalira, yatsopano, yopanda fumbi, n'kuipatsa priority 15 kuti tsiku lina m'tsogolomu idzatsogolere. Akale aja onse anali pa 1, mmene anachokera ku fakitale.

Ndinaikweza m'kabati, n'kuiyatsanso kuti ndione ngati magetsi akufika. Itadzuka bwinobwino, ndinalumikiza chingwe cha stack.

Tinyale tonse tobiriwira tinangoti zii.

Malangizo amati switch yatsopano muziilumikiza ili yozima, kenako n'kuyatsa, kuti ilowe ngati membala wamba. Ikakhala yoyaka kale imadziona ngati mtsogoleri wa stack yakeyake. Atsogoleri awiri akakumana, chisankho chimachitika pomwepo, ndipo mbali yogonja yonse imazima n'kuyakanso, n'kutenga configuration ya wopambana. Wopambana wathu m'mutu mwake munalibe kalikonse. VLAN (gawo la netiweki) ya mafoni, ya makamera, ya a akaunti, zonse zinapita.

Chabwino chake n'chakuti palibe anandiimbira kudandaula, poti mafoni apadesiki amadya magetsi a PoE, odzera m'chingwe cha netiweki, kuchokera ku ma switch omwewo. Choipa chake n'chakuti anabwera okha. Mayi a ku akaunti anaima pakhomo manja m'chiuno.

"Bambo, malipiro a anthu ndinali pakati potumiza. Mwagwira chiyani?"

"Ndi chisankho chabe, mayi. Chitha posachedwa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, osayankha.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti backup, kope ya configuration, ilipo. Inalipodi, yosungidwa mwaukhondo pa seva imene njira yokafikako inali ma switch omwe angoiwala zonsewa. Ndinatulutsa chingwe cha console, cholumikizira laputopu ku switch mwachindunji, n'kuika liwiro pa 9600, n'kukhala pansi pasimenti laputopu ili pamiyendo. Mnyamata wophunzira ntchito, amene m'mawa womwewo ndinkamulalikira za kufunika kwa mapulani, anatulutsa flash m'thumba mwakachetechete. Anali atakopera configuration yonse sabata yapitayo, akuti ankafuna kukawerenga kunyumba.

Tinaibwezeretsa, tinyale tinayaka, ine n'kuimirira kukutumula buluku. Apo ndiye kunayamba zenizeni. Mlendo uja anali atatenga nambala 1, akale aja n'kulandira manambala otsala. Dzina la port limayamba ndi nambala ya switch, ndiye zokonzera zonse za ma port 1/0/1 mpaka 1/0/48 zinapita pa switch yopanda chingwe ngakhale chimodzi, ndipo ena onse anavala zokonzera anzawo. Printa inapezeka mu VLAN ya makamera. Kompyuta ya abwana inalowa mu netiweki ya alendo, n'kumawapempha kuti avomereze malamulo a kampani yawo yomwe.

Kusintha manambala kumafunanso kuzimitsa ndi kuyatsa, choncho ndinayenda ofesi ndi ofesi kupepesa pasadakhale kuti intaneti ichokanso. Madzulo zonse zili m'malo, abwana anasuzumira m'kabati.

"Ndiye ma port atsopanowa ndi angati?"

"48, bwana."

"Zikomo. Ife timafuna awiri."