Mmene tinakakamizira nyuzipepala ya ku London kuti izilemba za rugby league

Kwa inu abale amene muli kuno kumpoto kwa England ndipo mwayamba kukonda rugby league chifukwa cha ana kapena anzanu a kuntchito, nayi njira imene gulu lathu la masapota ku Hull linadutsa pofuna kuti ofalitsa nkhani a dziko lonse asiye kutinyalanyaza. Mbali yovuta yatha, mtima wakhalako m'malo, koma mkwiyo wa tsiku limene tinataya ku London sunandichokebe.

Chinatiutsa ndi cha mu October 2025. Timu yathu ya Hull KR (Hull Kingston Rovers) inakwapula Wigan 24-6 pa Grand Final ya Super League, ligi yaikulu ya masewerowa, ku Old Trafford, chikho chachitatu m'chaka chimodzi, itatenga kale Challenge Cup ku Wembley mu June pogonjetsa Warrington 8-6, komanso League Leaders' Shield pomaliza pamwamba pa ligi. Chisanafike chaka chimenecho, Hull KR inali itakhala zaka 40 osanyamula chikho chachikulu. Kum'mawa kwa mzinda anthu sanagone. Koma nyuzipepala ina yaikulu ya dziko lonse inangoika kankhani kochepa pansi pa tsamba, pambali pake n'kuikapo baji ya Hull FC. Mtsinje wa Hull umagawa mzinda uno pakati, a Hull KR ofiira ndi oyera kum'mawa, a Hull FC akuda ndi oyera kumadzulo. Zili ngati Bullets yawina chikho, nyuzipepala n'kuika baji ya Wanderers.

Choyamba, musanalembere aliyense, sungani umboni. Kope wamba ndi lokwanira: tsiku, dzina la nyuzipepala, tsamba, kukula kwa nkhaniyo, kapena ngati ndi wayilesi, nthawi imene nkhani zamasewero zinawerengedwa ndi zimene zinatchulidwa. Jambulani ndi foni. Mukangonena kuti "simutilemba" amakuyankhani kuti ndi maganizo anu chabe. Mukawaonetsa masamba a masabata angapo otsatizana, mayankhidwe amasintha.

Ndiye pali bungwe la IPSO limene limamva madandaulo okhudza nyuzipepala zambiri, ngakhale si zonse zili pansi pake, choncho yambani mwafufuza. Limaweruza potsatira malamulo a akonzi: kulemba zabodza, kulowerera moyo wa munthu, kuzunza, ndi zina zotero. Kuti mkonzi wasankha kudzaza masamba ndi mpira wamiyendo, umenewo ndi ufulu wake, bungwelo sililowererapo. Ife tinalowera pa baji yolakwika ija, chifukwa imeneyo ndi nkhani ya kulondola, ndime yoyamba ya malamulowo. Dandaulo la zosindikizidwa papepala liyenera kufika pasanathe miyezi 4. Ife tinayamba talembera nyuzipepala yeniyeniyo, ndipo inavomera n'kusindikiza kachikonzo. Kanali kakang'ono, koma kanatipatsa dzina ndi imelo ya munthu wa ku desiki ya zamasewero, zimene tinkazifuna kuposa chikonzocho.

Kumbali ya wayilesi ndi kanema kuli bungwe la Ofcom, ndipo nkhani ndi yomweyo: amayang'ana zolakwika, zokondera ndi zovulaza anthu, osati kuti masewero ati apatsidwe mphindi zingati. Amafuna dandaulo pasanathe masiku 20 ogwira ntchito chiulutsireni pulogalamuyo. Ngati ndi BBC, mumayamba mwadandaula kwa iwowo, ku Ofcom mumapita pambuyo. Lembani nambala imene akupatsani pa dandaulo lililonse m'kope lija.

Tsopano za ku London. Munthu wa ku desiki uja anatiuza kuti mkonzi wa zamasewero wavomera kukumana nafe, tsiku ndi nthawi zinaperekedwa pa foni. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, zimene zinatanthauza kugwira Loweruka ndi Lamlungu lotsatira. Tinanyamuka ndi sitima ya m'mamawa, ya nthawi imene matikiti amadula kwambiri, ine ndi abambo ena achikulire amene anayamba kuonera Rovers ali kamnyamata. Iwo anavala jekete ndi tayi ya timu, m'manja atanyamula fayilo ya masamba onse tinadula aja, aliyense m'kapulasitiki kake.

Titafika polandirira alendo, mayi wa pa desiki anayang'ana pa kompyuta n'kutiuza kuti mayina athu palibe. Tinakhala pa sofa moyang'anizana ndi zikepe, anthu akungodutsa ndi makapu a khofi, m'khosi atakoleka makadi awo. Nthawi ya nkhomaliro inakwana n'kudutsa. Abambo aja ali ndi shuga, ndinachita kutuluka kukawagulira sangweji ya mtengo wosaneneka. Chakumasana kunatsika mnyamata wina waulemu ndithu, n'kunena kuti bwana ali ku msonkhano wina kunja kwa ofesi ndipo sabwerera. Pofuna kutisangalatsa anatiuza kuti nyuzipepala yawo imakonda rugby kwambiri, tidzaone mmene adzalembere Six Nations mu February.

Six Nations ndi rugby union! Kumeneko amasewera anthu 15, ife 13. Masewero awiriwa anapatukana pa 29 August 1895 ku George Hotel mu Huddersfield, pamene makalabu 22 a kumpoto anachoka mu Rugby Football Union chifukwa ankakanizidwa kulipira anthu a m'migodi ndi m'mafakitale ndalama imene ankataya akajomba kuntchito Loweruka kuti asewere. Patha zaka 130, ndipo munthu wolembedwa ntchito pa desiki ya zamasewero sakusiyanitsa. Abambo aja sananene kanthu. Anangotseka fayilo yawo, n'kuiika m'chikwama. Ndalama ya sitima inali pafupifupi malipiro anga a tsiku lathunthu, ndipo palibe anatipepesa polemba.

Choncho ndikukupemphani, musakwere sitima chifukwa cha lonjezo la pa foni. Akulembereni pa imelo, dzina la munthu mukakumane naye likhalepo, ndipo dzulo lake funsaninso. Akakana kulemba, pemphani kuti mulankhulane pa Zoom muli kunyumba kwanu.

Ndadumpha za chikalata cha pempho chimene anthu ambiri amasayina chopita ku nyumba ya malamulo, chimene kwenikweni tinayamba kukambirana tisanapite ku London. Ambiri m'gulu ankafuna tilembe kuti boma lilamule nyuzipepala kuti zizilemba rugby league. Mayi wina amene anayesapo kale anatiletsa, chifukwa komiti yoona zikalatazi imakana chilichonse chimene si udindo wa boma kapena wa nyumba ya malamulo, ndipo boma silisankhira akonzi nkhani. Malamulo ake ndi awa: pamafunika anthu 5 okuvomerezani chisanaunikidwe, chimakhala chotsegula miyezi 6, chikafika masiginecha 10,000 boma limayankha, chikafika 100,000 chimaganiziridwa kuti aphungu akambirane. Sikuti ndi nzika zokha zosayina, aliyense wokhala mu UK amaloledwa, ndiye ife a mavisa a ntchito tisamadzipatule.

Chimene chili m'manja mwa boma ndi mndandanda wa masewero otetezedwa pansi pa Broadcasting Act ya 1996, amene ayenera kupezeka kwa makanema aulere. Fainolo ya Challenge Cup ili m'gulu loyamba la mndandandawo, limodzi ndi fainolo ya FA Cup ndi mpikisano wa akavalo wa Grand National. Grand Final ya Super League, imene yakhala ikuchitikira ku Old Trafford kuyambira 1998 kupatula mu 2020, mulibe. Mndandandawu amausintha ndi nduna ya zachikhalidwe ndi masewero, ndipo mu July 2024 udindowu unapatsidwa kwa Lisa Nandy, phungu wa ku Wigan komwe. Pempho lanu likaloza pamenepo ndiye kuti mwagogoda pa khomo loyenera.

Ife tinaona kuti masiginecha 10,000 ndi phiri kwa kagulu kathu, ndiye tinadzera kwa phungu wa dera lathu. Apa musaiwale kulemba adiresi ndi postcode yanu pamwamba pa kalata, chifukwa phungu amathandiza anthu a m'dera lake okha, popanda zimenezo kalata imangokhala. Ndipo aliyense alembe yake m'mawu ake.  Ine ndinalemba za mwana wanga amene amasewera timu ya ana, ndi kuti tsiku lililonse timadutsa mu Clive Sullivan Way, msewu wotchedwa dzina la munthu wakuda woyamba kukhala kaputeni wa timu ya dziko la Britain pa masewero aliwonse, amene ananyamula World Cup mu 1972. Mwana wanga anamva za Sullivan kwa kochi wake, osati mu nyuzipepala iliyonse ya dziko lonse. M'nyumba ya malamulo mulinso gulu la aphungu a zipani zonse lokonda rugby league, pemphani phungu wanu alidziwitse.

Ena m'gulu ankati tikungotaya nthawi. Ine sindikuvomereza. Kwa zaka 130 panalibe wosewera rugby league amene analandirapo ulemu wa Sir, mpaka masapota ndi aphungu, kuphatikizapo sipikala wa nyumba ya malamulo Lindsay Hoyle, anachita phokoso, ndipo mu June 2025 Billy Boston wa Wigan anaulandira ali ndi zaka 90. Pa kanema napo zasunthako: kuyambira 2024 Sky imaonetsa masewero onse a Super League, ndipo BBC imaonetsako ena mwaulere. Pamene zatsalira kwambiri ndi m'masamba a nyuzipepala ndi m'nkhani zachidule za pa wayilesi m'mawa, pamene munthu wosadziwa masewerowa akanawamvera koyamba. Ife okonda kale timagula nyuzipepala ya rugby league ya League Express Lolemba, koma ameneyo amawerenga ndi otembenuka kale.

Chimene chinagwedeza nyuzipepala ija ndi kalata yochokera ku ofesi ya phungu, imene anaphatikizapo zithunzi za masamba a m'fayilo ya abambo aja. Mkonzi anatiimbira yekha. Nthawi ino ndinamuuza kuti, "Bwana, zonse mwanenazi mutilembere pa imelo," ndipo analemba: zotsatira ndi tebulo ya ligi zizituluka Lolemba lililonse nyengo ikayamba mu February, komanso mtolankhani wawo azikapezeka pa masewero akuluakulu m'malo mongokopera za ena. Za ulendo wathu wa ku London sanatchule, ndipo ndalama ya sitima sinabwezedwe.

Imelo imeneyo ndaisindikiza, ili m'fayilo. Tagawana masabata m'gulu, wina aliyense azigula nyuzipepalayo Lolemba lake, kujambula tsamba la zamasewero ndi kulemba m'kope. Sabata imene adzadumphe tebulo, kalata yopita kwa mkonzi idzanyamuka tsiku lomwelo, kope lake kwa phungu.