Zikomo nonse amene munatithandiza kuti mtsikana wathu akasewere basketball ku America

Abale anga, sabata yathayi mwana wanga wamkazi wasaina ndi yunivesite ya zaka zinayi ku America pa sikolashipu yonse, fizi, pogona, chakudya, mabuku, zonse alipira iwowo chifukwa cha mpira wa basketball basi. Wamaliza ku koleji yaing'ono ya zaka ziwiri ku Kansas komwe anayambira, dipuloma ili m'manja. Ndaona kuti kuimbira foni aliyense payekhapayekha sindingakwanitse nde ndati ndilembe pano, amene ndakuiwalani musandisungire kumtima chonde.

Ndiyambe ndi a kochi ake a kuno ku Lilongwe. Bambo inu Mulungu akudalitseni. Mwanayu ali ku pulayimale aliyense ankangoti ndi msinkhu umenewu ameneyu ndi wa netibo, adzakhala ngati Mwai Kumwenda, inu nokha munabwera kunyumba kudzandipempha kuti ndimulole ayeseko basketball. Munamuphunzitsa pa bwalo la simenti long'ambika, mpira umodzi ana gulu, ma ring'i opanda neti, nsapato zake zoyamba munagula ndinu pa kaunjika. Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi choti itafika nthawi munanena nokha kuti mayi, zimene ndingamupatse ine zathera apa, mwanayu apite. Timu yanu inataya osewera amene ankakuwinitsani magemu, inu osadandaula, mkumajambulanso mavidiyo pa foni yanu ndi bando yanu kutumiza kwa makochi akunja mpaka mmodzi anayankha.

Pali ambiri munandifunsa, ena mwachikondi ena monyogodola, kuti mwana wamkazi kupita kutali chonchi chifukwa cha mpira, bwanji osangosewera konkuno. Ndiyankhe pano kamodzi. Kuno luso lilipo, onani timu ya Bravehearts momwe yakhala ikuimirira dziko mmipikisano yolowera BAL, ligi yaikulu ya basketball muno mu Africa, ndipo mu 2022 tinachititsa masewero a achinyamata a maiko a kummwera kwa Africa, a Region 5, ku Lilongwe konkuno. Koma mwana wanga kuno anali wamtali kuposa pafupifupi aliyense amene ankakumana naye, nde ntchito yake inali kungoima pansi pa ring'i, kulandira mpira, kuponya, basi wagoletsa. Munthu sukula choncho. Atafika uko anapeza atsikana amsinkhu wake ali mbwee ndipo ena omuposa, othamanga komanso amphamvu, sabata zoyamba ankandiimbira akulira kuti amama mpira akungondilanda, dzanja lamanzere silikugwira ntchito. Anachita kuyambanso kuphunzira kudiribula ndi manja onse, kuponya ali patali, kutchinga munthu wothamanga kumuposa.

Chinanso ndi magemu. Uko sizoni imayamba Novembala kufika Marichi, magemu pafupifupi 30 osawerengera ma playoffs, ndipo gemu iliyonse imajambulidwa, mawa lake amakhala pansi ndi kochi kuonera pomwe walakwitsa. Kwathu kuno mvula ikagwa treningi yafa, dzuwa likalowa aliyense kwawo, gemu ina imalephereka chifukwa thiransipoti yasowa. Uko jimu ndi yamatabwa, yofolera, amatha kulowa 6 koloko mmawa kunja kuli chipale. Ndiye nkhani ya mabondo, simenti imadya mabondo a ana athu abale, wanga ananyamuka kuno bondo lakumanja likutupa ukangotha mpira, ife tinkangothowa ndi madzi otentha. Atafika anamupima, kumupatsa munthu womuyang'anira pa zolimbitsa thupi, lero akudumpha bwinobwino.

Koma ine monga kholo chimene chinandigonjetsa ndi sukulu. Uko mpira ndi kalasi zimayendera limodzi, ukalephera mayeso susewera olo ukhale dolo bwanji. Anapita ndi MSCE yake, pano akukapitiriza digiri. Mpira utha kutha mawa ndi kuvulala kamodzi, pepala likhalapo. Ndipo njira imeneyi sanayambe ndi iye. Hakeem Olajuwon, katswiri wakale wa NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, anachoka ku Lagos mu 1980 kupita ku University of Houston. Joel Embiid wa ku Cameroon anaonedwa ndi Luc Mbah a Moute, osewera wa NBA wakwawo, pa kampu ku Yaoundé, anapita ku America ali ndi zaka 16, anasewera ku Kansas komweko, mu 2023 anakhala MVP, kutanthauza osewera wopambana onse, wa NBA. Khaman Maluach wa ku South Sudan anakulira ku Uganda, anadzera ku NBA Academy Africa ku Senegal kenako yunivesite ya Duke ku America, mu 2025 anasankhidwa wa nambala 10 pa draft, pomwe matimu a NBA amasankha osewera atsopano. Mwai wathu yemweyo amene ankamufanizira naye uja, anachita kupita ku Australia kuti dziko lonse limudziwe. Sindikunena kuti wanga adzafika pamenepo ayi, koma palibe anganene kuti anthu amenewa ananyoza kwawo.

Tsopano ndifike pa ndalama, apa nde pamene ndinaona anthu. Koleji yoyamba ija inalipira fizi ndi pogona koma tiketi, viza ndi zovala zinali zathu. Viza yokha inali 185 dollars, kuonjezera 350 dollars ya SEVIS, yolembetsera ophunzira ochokera kunja, tiketi osanena. Tinasonkha bwinobwino tikuona ngati tatsala pang'ono, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha mma K1,180 kufika K1,700, ndalama yathu yonse inangosungunuka ngati mchere mmadzi, komanso ma dollar akewo osaoneka nkomwe. Ndinakhala pansi nkuti basi zakanika, mwana azingokhala.

Amayi anzanga a banki mkhonde, munandibwereka kawiri ndisanamalize ngongole yoyamba, ndipo tsiku lina munagwirizana kuti chiwongoladzanja cha mwezi umenewo ndisapereke. Achimwene, amalume ake a mwanayu, munagulitsa mbuzi zanu ndi matumba a soya amene munkasungira feteleza, alamu anga osatsutsa ngakhale pang'ono, ndikudziwa chaka chimenecho munakolola zochepa chifukwa cha ife. Achemwali a ku Joni munatumiza ma rand a lendi yanu. Amayi a Mvano munabwera ndi mapemphero komanso envulopu. Anyamata ndi atsikana a timu yake munakonza gemu yopemphetsa, mbale kuyenda mmbali mwa bwalo, ana asukulu kuponyamo ma K200 awo a mandasi, ine ndinalira pamenepo. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, inu munachita zomwezo. Mu Januwale 2024 tinamuperekeza pa Kamuzu International Airport, kudzera ku Addis Ababa, atavala jekete yobwereka.

Sikuti uko ndi kumwamba ayi, makolo ena amene mukuganiza zotumiza ana mumve. Anafika mkati mwa dzinja lozizira koopsa, sizoni ili pakati nde miyezi yoyamba ankangopanga treningi osasewera, nsima kulibe, Khrisimasi anzake onse kupita kwawo iye kutsala. Agogo ake atamwalira sanabwere kumaliro, anatsanzika pa vidiyo kolo. Nde ndithokoze banja la kutchalitchi kwake uko limene linamutenga ngati mwana wawo, komanso mayi wina wa chi Malawi amene amakhala dera loyandikana, amayendetsa galimoto maola angapo kukamusiyira ufa ndi usipa. Mayi simunatidziwe nkomwe, munangomva kuti kuli mwana wakwathu. Ndipo makolo samalani ndi anthu ofuna ndalama kuti akupezereni sikolashipu, ife sitinalipire munthu aliyense, kochi wa kolejiyo ankalankhula ndi ife mwachindunji ndipo mapepala anachokera kusukulu.

Aneba anga, inu amene mumadzuka nane cha mma 2 koloko usiku kudzaonera magemu ake pa foni imodzi, magetsi akazima wina kuthamangira pawa banki, bando ikatha wina kupanga hotspot, tikukuwa mpaka agalu a mmudzi monse kuuwa, konzekani sizoni ikubwerayi tidzukanso.

Loweruka likudzali masana tidzakhala ndi mapemphero othokoza kunyumba kuno, thobwa ndaphika kale chimera chake, bwerani nonse. Mwiniwake adzalankhula nanu pa vidiyo. Watumizanso nsapato zimene anzake a timu anasonkha, a kochi mudzatenge mukagawire atsikana anu aja, zambiri ndi za saizi yaikulu.