Njira imene ndinadutsa kuti ndikhale mmisiri wa zamagetsi

Ndisanalembetse kusukulu ya ntchito zamanja, ndinafufuza kaye chinthu chimodzi: kodi setifiketi yawo imavomerezedwa ndi bungwe lopereka malaisensi a amisiri a zamagetsi? Pali masukulu ophunzitsa bwino ndithu, koma pepala lawo silikufikitsa pa mayeso a laisensi, ndipo ena amazindikira zimenezi atataya kale zaka ziwiri. Polembetsa anaona magiredi anga a masamu ndi sayansi, kenako anandiyeza maso ngati ndimasiyanitsa mitundu. Poyamba ndinadabwa. Ndinamvetsa nditaona mawaya: wa bulauni ndiye wamoto, wa buluu ndi nyutralo, wobwererako magetsi, ndipo wobiriwira wosakaniza ndi chikasu ndi wa earth, wotayira magetsi pansi pakachitika vuto. M'nyumba zakale wamoto amakhala wofiira, nyutralo wakuda, ndipo nthawi zina mitundu yonseyi umaipeza m'bokosi limodzi.

Miyezi yoyamba inali ya masamu. Lamulo la Ohm, limene Georg Ohm analifalitsa mu 1827, tinalibwereza mpaka kulilota. Anzanga ena ankatopa nalo, ankafuna kugwira pulayala basi. Koma masamu amenewa ndi amene amakuuza kuti ketulo ya mawati 2,300 pa mavoti 230 imakoka ma ampeya 10, ndipo ukadziwa zimenezo umadziwa kukula kwa waya wofunika. N'chifukwa chake mababu nthawi zambiri timawakokera waya wa 1.5 mm², masoketi wa 2.5 mm². Waya wochepa ukasenza katundu woposa mphamvu yake umatentha m'kati mwa khoma, mwini nyumba osadziwa kanthu. Mphunzitsi wathu ankatsindika kuti breaker, switchi imene imadzizimitsa yokha magetsi akapyola muyezo, imateteza waya, pomwe munthu amatetezedwa ndi earth pamodzi ndi switchi ina yotchedwa RCD ya ma miliampeya 30, imene imadula magetsi akayamba kuthawira kunja kwa njira yake. Mpaka lero ndimakumana ndi anthu okoka mawaya amene sasiyanitsa ziwirizi, ndipo zimandiwawa mtima chifukwa m'nyumbamo mumagona ana.

Kupeza mmisiri woti andiphunzitse pamanja kunanditengera nthawi. Makalata ambiri amene ndinalemba sanayankhidwe. Chinandithandiza n'kupita ndekha kumalo omanga nyumba, nditanyamula kalata ya kusukulu, n'kupempha kulankhula ndi woyang'anira zamagetsi. Amene anandilandira ndinawafunsa mwaulemu ngati ali ndi laisensi, chifukwa siginecha ya munthu wopanda laisensi mu logbook yako, buku lolembamo ntchito zimene wagwira, siwerengedwa. Bukuli ulisamale ngati chiphaso. Ntchito iliyonse ulembe tsiku lomwelo, asainire sabata isanathe. Ukamati ndidzalemba mawa, umaiwala.

Tsiku loyamba sanandipatse waya. Anandipatsa hamala ndi tchizulo kuti ndiseme khoma modutsa mapaipi. Miyezi ingapo inatha ndikusema, kupinda konduiti (mapaipi odutsamo mawaya), kunyamula makwerero ndi kukoka mawaya m'mapaipi, manja ali matuza okhaokha. Ndinkadandaula chamumtima, koma kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuti paipi yokhotakhota kwambiri imakana waya, ndi kuti bokosi loikidwa mopendama limaonekabe ngakhale penti atapaka.

Chimene chinandisintha chinachitika m'chaka chachiwiri. Anandituma kusintha soketi m'khitchini ya nyumba ina yakale. Ndinapita pa bolodi pamene pamakhala mabreaker, ndinatsitsa breaker yolembedwa kuti ya kukhitchini, ndinamasula soketi. Ndikuti ndigwire waya, bwana anandigwira mkono.

“Wayesa?”

“Ndazimitsa breaker, bambo.”

“Sindinafunse za breaker. Wayesa?”

Anaika tesita yawo ya nsonga ziwiri, inaonetsa mavoti 230. Winawake kalekale analumikiza soketiyo ku dera lina la mawaya, la breaker ina, ndipo zolembedwa pa bolodi zinali zabodza. Miyendo inanjenjemera. Sanandikalipire. Anandikhazika pansi n'kundionetsa ndondomeko imene sindinaisiyepo: uyese tesita pamalo pamene ukudziwa kuti pali moto, uyese waya amene ukufuna kugwira, pakati pa wamoto ndi nyutralo, wamoto ndi earth, nyutralo ndi earth, kenako ubwererenso pamalo pamoto paja kutsimikiza kuti tesita sinafe panjira. Breaker uitsekere ndi loko, kiyi akhale m'thumba mwako, kuopa kuti wina angaikweze iwe uli pamakwerero. Kasikuludiraiva koyaka kumutu kaja anandiletsa kukadalira, ndipo ndinakasiya tsiku lomwelo.

Chaka chachitatu anandiphunzitsa kuyesa ntchito yomalizidwa. Kukoka mawaya ambiri amakutha, koma kutsimikiza kuti ntchito ili bwino ndi luso lina. Timayesa ngati earth yafika pa soketi iliyonse osaduka, ngati switchi ikudula waya wamoto osati nyutralo, ngati RCD ikudula msanga. Timayesanso chikopa cha mawaya ndi makina otulutsa mavoti 500, ndipo chiwerengero chosonyeza mmene chikopacho chikutchingira magetsi chisatsike pa megaohm imodzi, ngakhale kuti mawaya atsopano amayenera kupitirira pamenepo kutali.

Pa mayeso panali pepala lolemba ndi ntchito yamanja. Anandipatsa bolodi kuti ndilumikize babu loyatsidwa ndi maswitchi awiri, soketi, kenako kupeza vuto limene iwo anabisa dala m'dera lina. Woyesa sanachedwe pa kukongola kwa mawaya anga. Anaima pambali kuona ngati ndiyesa ndisanagwire, kenako anawerenga manambala amene ndinalemba papepala la zotsatira, mzere ndi mzere.

Laisensi imene ndinapeza ndi yoyambira, ya magetsi a m'nyumba. Panopa madzulo ndikuwerenga za three-phase ya mavoti 400, magetsi a mawaya atatu amoto, ndi kayatsidwe ka mamota kotchedwa star-delta, ndipo ndagula logbook ina yoti ndizilembamo ntchito za m'mafakitale.